Chibaluni Chachikasu Si Chathu

Lolemba, 11 Novembala

Kodi iwe buku, unayamba wamvapo munthu akutamandidwa chifukwa chosalankhula? Ine lero zandichitikira.

A Hoekstra, aphunzitsi athu a zamakompyuta, anatitsaliritsa ena ataweruka, ife atatu: ine, Hidde ndi Ilias. Loweruka tikupita ku mzinda wa Utrecht ku mpikisano wolemba mapulogalamu wa ana a sekondale. Timu iliyonse anthu atatu, kompyuta imodzi. Dzina la timu yathu ndi Ng'ombe Zitatu. Anasankha ndi Hidde, ine ndinangogwedeza mutu.

Ndiye anatiwerengera malamulo. Mafoni amalowa mu envulopu pakhomo. Kiyibodi osaigwira belu lisanalire, ngakhale kuipukuta fumbi. Ukafuna kuchimbudzi umakweza dzanja, wina n'kukuperekeza ngati mwana wa mkaka. Atafika pa lamulo lalikulu anavula magalasi. Akuti kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza palibe kulankhula ndi timu ina. Palibe kunong'ona, palibe kukodola, palibe kupatsirana kanthu, ngakhale pensulo. Chaka chatha akuti timu ina inatulutsidwa chifukwa mnyamata wina anakumana ndi mnzake wa sukulu ina m'khonde n'kumufunsa kuti zikuyenda bwanji. Basi. Zikuyenda bwanji.

Hidde anandiloza, akuti lamulo limeneli analembera ine, Renske mendulo wapata kale asanakwere n'komwe sitima. Ilias anaseka. A Hoekstra nawonso anamwetulira, akuti zoona, pa Renske alibe nkhawa. M'makutu munanditentha. Sindikudziwa ngati kunali kuyamikira.

Koma chimene chandikhala m'mutu ndi zibaluni. Funso lililonse lili ndi mtundu wake. Mukalemba pulogalamu yoyankha funsolo mumaitumiza kwa oweruza pa kompyuta pomwepo, ndipo ikakhoza pamabwera munthu mwakachetechete n'kumangirira chibaluni cha mtunduwo patebulo panu. Holo yonse imaona. Palibe wolankhula, koma aliyense amadziwa kuti awa akhoza chofiira, awo chobiriwira. A Hoekstra akuti pofika masana kudenga kumaoneka ngati munda wa maluwa wozondoka.

Pobwerera nkhungu inali mbuu m'madambo monse, nkhosa zikuoneka misana yokha. Ndinapalasa njinga pang'onopang'ono ndikuganiza za chipinda chachikulu momwe anthu amalankhulana ndi zibaluni zokhazokha. Mwina kumeneko ndiye kwathu kwenikweni.

Taona, ndadzaza tsamba lonse. Chaka chatha ndikanalemba mizere iwiri n'kung'amba. Papepala mawu amabwera okha, sadikira kuti wina amalize kaye kulankhula.

Lachiwiri, 12 Novembala

Jildou akubwera.

Ndilembe bwinobwino, dzanja likuthamanga. Nthawi yopuma Ilias ankawerenga mayina a matimu ena pafoni pake n'kumawaseka. Anafika pa ina yotchedwa Mvula Mawa, ya ku Zwolle, n'kuima. Akuti Jildou Veenstra, si uja munkayenda naye ngati mapasa uja? Ndinati eya. Hidde anafunsa ngati ndi woopsa. Ndinati eya kachiwiri. Amenewo ndiwo mawu anga onse a lero kusukulu.

Iwe sumudziwa, ndinakugula iye atachoka kale. Jildou ankakhala tsidya la ngalande, kuseri kwa khola lathu. Tili aang'ono adadi anayalapo thabwa kuti tisamazungulire kumsewu. Ndi iye anandiphunzitsa pulogalamu yoyamba, kamasewera ka tsekwe wothawa thalakitala. Iye ankalankhula n'kumalemba, ine ndinkajambula papepala mmene tsekweyo aziyendera. Kusitolo ankandiitanitsira zinthu. M'kalasi aphunzitsi akandiloza, ankayamba kutsokomola dala kuti ndipeze mpata woganiza.

Mu Ogasiti amayi ake anapeza ntchito ku Zwolle, n'kusamuka. Masiku oyambirira tinkalemberana osalekeza. Kenako ndinamulembera meseji yaitali, yaitali zedi. Ya thabwa, ya tsekwe, yoti ndimapalasabe cham'mphepete mwa njira kusiya malo ake. Yankho linabwera: kachithunzi ka chala chachikulu choloza kumwamba. Kokhako.

Munthu umayankha chiyani ku chala? Ndinadikira kuti mawu atsatire. Sanatsatire. Tsopano ndi Novembala.

Kuyambira pano ndizingolemba kuti Chala. Uzidziwa.

Lachitatu, 13 Novembala

Mvula. Atsekwe adutsa ambirimbiri pamwamba pa sukulu, onse akulankhula nthawi imodzi, palibe womvera mnzake. Ndawasirira.

Lachinayi, 14 Novembala

Tayeserera ngati zenizeni. A Hoekstra anatilanda mafoni n'kuliza belu la panjinga yawo. Hidde pa kiyibodi ngati kale, amamenya mabatani ngati matalala padenga. Ilias pambali akutafuna maswiti ake akuda amchere aja, kusakasaka zolakwika. Ine papepala. Ndimawerenga funso, ndimalijambula, ndikaona njira ndimakankhira pepala kwa Hidde. Iye amati zolemba zanga zili ngati nkhuku yadutsa pamatope, koma amazitsatira. Akuti tsiku lina ndikadzafuna kiyibodi ndidzangomugogoda pamutu kawiri, sadzandivutitsa kuti ndilankhule.

A Hoekstra anawonjezera za khalidwe. Osaseka timu yopanda chibaluni. Osakuwa mukakhoza. Apa anayang'ana Hidde nthawi yaitali, akuti ndipo osavina. Hidde anafunsa ngati miyendo yokha pansi pa tebulo ikuloledwa. Akuti bola tebulo lisagwedezeke.

Kunyumba mbatatesi yophwanya ndi masamba, ndi soseji. Ndinawauza amayi kuti Jildou akakhalako. Anasangalala, akuti ukamupatse moni wanga, umuuze abwere adzadye. Amayi amaona ngati moni ndi chinthu chongotenga m'thumba ngati buledi. Za Chala sadziwa.

Nditadya ndinapita kukhola kukayeserera. Ng'ombe zalowa m'kati tsopano, mukufunda, mukununkhira udzu wouma. Ndinaima pamaso pa Aaltje, yokalamba ija ya banga pamphuno. Moni Jil. Ayi, kwauma. Jil, ndi ine. Akudziwa kuti ndi ine. Ndakusowa. Limeneli linakana kutuluka ngakhale kwa ng'ombe. Aaltje anangondiyang'ana akubzikula.

Ndaganiza bwino. Belu likalira sindiloledwa. Likalira lomaliza aliyense amathamangira sitima. Ndiye mpata ndi wa m'mawa wokha, tisanakhale pansi. Ndikaphonya umenewo, ndiye kuti Chala ndicho chomaliza pakati pathu.

Lachisanu, 15 Novembala

Ndalota holo ya mpikisano ili m'khola mwathu. Ng'ombe iliyonse ili ndi chibaluni kumchira, zonse phee. Ine ndikuyenda pathabwa lija, koma likungotalika, tsidya likungosunthira kutali, ndipo m'ngalande pansi pamadzi muli zibaluni zikuyandama chozondoka. Sindinaope. Kunali kokongola. Ndinadzuka ndili ndi mawu abwino kwambiri oti ndikamuuze Jildou, koma potsuka mano anali atapita.

Tsiku lonse m'kalasi ndinali pawindo. Aphunzitsi a mbiri anandiitana kawiri, Ilias anachita kundiponya rabala.

Ndalongedza. Buledi wa tchizi, mapensulo, juzi yobiriwira imene iye ankati imandikhala. Ndinaitulutsa, kuti asaganize kuti ndavalira iye. Ndaibwezeramo.

Sitima yathu yochokera ku Leeuwarden imaima ku Zwolle. Akhoza kukwera yomweyo. Akhoza kungotsegula chitseko n'kunena kuti sendera, ngati kale.

Loweruka, 16 Novembala, m'mawa, m'sitima

Kunja kukuyera pang'onopang'ono. Madzi m'minda akuoneka ngati magalasi ogwa. Hidde wagona kukamwa kuli yasa, Ilias akuyesa kuponyamo switi. A Hoekstra akunamizira kuti sakuona.

Tadutsa Zwolle. Ndinaima pawindo mpaka mpweya wanga unaphimba galasi. Makolo ambiri ndi tiana tovala zipewa za nthenga, topita kukachingamira Sinterklaas, nkhalamba ya ndevu zoyera ija yobweretsera ana mphatso. Jildou kulibe.

Palibe kanthu. Kukadali kuholo.

Loweruka lomwelo, madzulo, m'sitima yobwerera

Sindikudziwa poyambira. Pamwamba pa mutu wanga pali chinthu chikugundagunda denga la sitima, koma zimenezo n'zakumapeto. Ndiyambe ndi tepi.

Holo yake ndi yamasewera, yaikulu, matebulo ali ndondondo. Pakati pa tebulo ndi tebulo anamata tepi yoyera pansi, malire a timu ndi timu. Tinasiya mafoni mu envulopu, tinapeza malo athu. Ndinayang'ana kachikwangwani patebulo loyandikana nalo, mtima unadumpha. Mvula Mawa. Pambali penipeni, kutambasula mkono n'kukhudza. Koma mipando yawo yopanda anthu.

Ndinadikira. Holo inadzaza. Mkulu wa oweruza, mayi wa imvi zometa pang'ono, anakwera pansanja n'kubwereza malamulo onse aja pa maikolofoni. Pa lalikulu lija anachita kutsindika, akuti sakonda kutulutsa ana, koma anatulutsapo. Mipando ija ikadali yokha. Ndinayamba kuganiza kuti sabwera, ndipo chodabwitsa ndinamva kupepukidwa, kenako ndinadana nako kupepukidwako.

Mayi uja atakweza dzanja kuti alize belu, chitseko chinatseguka. Anyamata awiri aataliatali akuthamanga, pambuyo pawo iye. Sitima inawasiya. Wameta tsitsi, lafika m'makutu. Wavala juzi imene sindiidziwa. Anagwetsa chikwama, anakhala, anatembenuka, maso athu n'kukumana. Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira, iwe buku, ndinatsegula, mo wa moni anali atafika kale pamilomo.

Belu.

Ilias anandigunda ndi chigongono. Ndinameza ni wotsalayo.

Kenako mafunso. Phokoso la makiyibodi ambiri pamodzi lili ngati mvula padenga la khola, limakugoneka koma uli maso. Ndinalowa m'mapepala anga. Chofiira tinakhoza msanga, Hidde anavina ndi miyendo yokha monga mwa pangano. Chobiriwira chinativuta, Ilias anapeza polakwika, chinabwera. Ndikadzutsa mutu ndinkaona zibaluni zikuchuluka, zikuweyeseka pang'ono ndi mpweya wa m'holo. A Hoekstra sananame za munda uja. Nthawi zina ndinkaiwala kuti ndi mpikisano.

Sindinamuyang'ane. Ndiye kuti sindinatembenuze mutu. Koma diso lili ndi ngodya. Anyamata ake awiri aja anaumirira pa kiyibodi, iye ali kumapeto kwa tebulo ndi pepala. Jildou, wapakamwa uja, ali chete ndi pepala, ngati ine. Anali ndi chofiira chokha.

Panali funso la chikasu, la mabwato ndi milatho yotseguka, kuti bwato lidutse mzinda wonse popanda kudikira kwambiri. M'holo monse munalibe chachikasu ngakhale chimodzi. Ilias anati tilisiye, ndi msampha. Ine ndinalijambula pang'ono n'kusochera.

Cha m'masana ndinaona Jildou akukankha mpando wa mnyamata wina. Mnyamatayo anakana, Jildou anakankhanso. Anakhala pa kiyibodi, analemba osadzutsa mutu, anatumiza, anaika manja m'chilolo. Kenako analuma mkono wa juzi. Amatero kuyambira tili ku pulayimale, chinthu chikatheka amaluma juzi kuti asakuwe. Ndinayang'ana pa bolodi yaikulu kutsogolo. Pambali pa Mvula Mawa panatuluka kadontho kachikasu. Koyamba m'holo yonse.

M'mimba mwanga munafunda ngati ndakhoza ndine.

Patapita kanthawi kunatulukira mtsikana wonyamula zibaluni, wa ku yunivesite, wamtali. M'manja chachikasu chimodzi chokha. Ankayenda pakati pa matebulo pang'onopang'ono, mitu yonse ikumutsatira ngati mpendadzuwa. Anafika pa ife, anayang'ana kapepala kake, anawerama, n'kumangirira pa mwendo wa tebulo. Lathu. Pangodya ya pafupi ndi tepi. Anadzuka, anandimwetulira, n'kundikwezera chala chachikulu.

Chala chinanso.

Anapita. Chibaluni chili pamwamba pa mutu wanga, chowala ngati dzira lokazinga.

Hidde ananong'ona, mano ali pamodzi: "Aise, osagwedezeka. Taonani mmene akutiyang'anira. Lero ndife mafumu." Zoona, matimu akuluakulu aja a kutsogolo anali atatembenuka, ena akutsegula funso la chikasu mofulumira, poganiza kuti ngati Ng'ombe Zitatu zakhoza ndiye kuti n'losavuta. Ilias anati mapointi ali pa kompyuta, chibaluni ndi mpweya chabe, eni ake akachifuna akweza dzanja okha.

Eni ake. Anyamata aja anali atalanda kale kiyibodi, ali pa funso lina, sanaone n'komwe. Jildou anayang'ana chibaluni. Anayang'ana ine. Kenako anaweramira papepala pake. Dzanja sanakweze.

Sindikudziwa kuti dzanja langa linafika liti pa chingwe. Ndinangoona ndikumasula mfundo. Panali pafupi kwambiri, kungotambasula, n'kumusiyira. Ilias anandigwira pamkono.

"Renske. Chikawoloka tepiyo ndi dzanja lako, tonse atatu tikwera sitima ya masana."

Ndinayang'ana Hidde. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni sankaseka. Anangoti chonde. Mnyamata amene wakhala akutsalira kusukulu kuyambira Seputembala, amene analonjeza bambo ake chithunzi cha zibaluni.

Ndinasiya chingwe, mfundo ili yomasuka theka. Njira yololedwa inali imodzi yokha, ndipo ndinkaidziwa. Ndinali ndisanakwezepo dzanja m'kalasi moyo wanga wonse. Linkalemera ngati jekete lonyowa. Ndinalikweza mpaka paphewa. Palibe anaona. Ndinalikweza lonse.

Woyang'anira wina anabwera, mnyamata wa ndevu zochepa. Ndinanong'ona. Anawerama, akuti chimbudzi? Ndinapukusa mutu, ndinanong'onanso. Analoza khutu lake, akuti sakumva, makiyibodi achuluka. Ndinapuma kwambiri ngati ndikufuna kudumphira m'madzi ozizira, ndipo mawu anatuluka, koma osati aang'ono amene ndinaitana. Anatuluka a kukhola, oitanira ng'ombe kudambo.

"Chibaluni ichi si chathu. Ndi cha Jildou."

Mvula ya makiyibodi ija inakata. Zii. Hidde anaphimba nkhope ndi manja onse awiri.

Woyang'anira uja anafunsa kuti Jildou ndani. Apa m'pamene ndinazindikira. Pamatebulo palibe mayina a anthu, pali a matimu okha. Ndikanati la pambalili, nkhani ikanathera pomwepo. Anakodola mkulu wa oweruza.

Mayi uja anabwera osathamanga. Nsapato zake zinkamveka holo yonse. Anayang'ana tebulo lathu, lawo, tepi, mfundo yomasuka theka ija. Anandifunsa motsitsa ngati tikudziwana. Ndinati eya. Anati pa bolodi palembedwa timu, nanga ndadziwa bwanji kuti wakhoza ndi mtsikanayu, osati anzakewa? Ndinati amaluma juzi. Sanaseke. Ilias pambali panga anali atasiya kupuma.

"Ndiuzeni zoona. Chilirireni belu, mwalankhulana chiyani awirinu?"

"Sitinalankhulane kuyambira Ogasiti."

Sindinakonzekere. Kukhola sindinayeserere amenewo. Anangogwa okha, ndipo anagwa mokweza.

Kutebulo kwina kunamveka ngati munthu wayetsemula. Apa ndinatembenuka, mutu wonse. Jildou juzi ili m'kamwa, mapewa akugwedezeka, misozi ikulengeza m'maso. Kuseka kapena kulira, sindikudziwa, ndikuganiza zonse.

Mayi uja anatiyang'ana nthawi yaitali, ine, iye, ine. Anaona pa kakompyuta kake ka m'manja. Kenako anawerama yekha, anamaliza kumasula mfundo ija, analumpha tepi, n'kumangirira chachikasu patebulo la Mvula Mawa. Anawapepesa, akuti cholakwa n'chawo oyendetsa. Anyamata aja anadzutsa mitu ngati angodzuka kumene. Asanachoke anabwerera kwa ine.

"Mwapirira kuyambira Ogasiti. Piriraninso mpaka belu."

Mvula inayambiranso.

Hidde anachotsa manja kunkhope. Akuti mtima wake unaima ndithu, akafa ndidzafotokoze ndine kwawo, poti tsopano ndimalankhula. Kenako akuti mawu amenewo ndinkawasungira kuti, m'chikwama? Ilias anangondikankhira switi yamchere. Sindimazikonda koma ndinadya.

Zotsalazo ndinazichita ngati ndili m'madzi. Koma m'mutu munali mbee. Funso la buluu linangotseguka lokha papepala, ndinakankhira Hidde, chabuluu chinabwera belu lili pafupi. Zitatu. Tathera chapakati, opanda mphotho. A Hoekstra anati pa Ng'ombe ndi mkaka wokwanira. Za chachikasu anamva ali kukhonde. Akuti munthu amene analibe naye nkhawa uja ndi amene waimitsa holo. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Belu lomaliza litalira anthu onse anayamba kulankhula nthawi imodzi ngati atsekwe aja. Ndinapita komwe tinapachika majekete. Ndikufunafuna langa, chinthu chachikasu chinandigunda pamphumi.

"Wakuba zibaluni."

Anali kumbuyo kwanga. Mawu omwe aja, osasa pang'ono.

"Ndinakupatsa mphindi zisanu," anatero. "Ukanalephera ndikanabwera ndi sizasi, atitulutse tonse."

Pa zonse zimene ndinayeserera kwa Aaltje, chimene ndinanena n'chakuti wameta tsitsi. Anati kalekale. Anayang'ana juzi yanga yobiriwira, anaiona ndithu.

Tinaima choncho, anthu akutikankha uku ndi uku. Ndiye ndinati, chala chija. Basi, sindinawonjezere. Nkhope yake inafiira mpaka m'khosi.

"Ndinawerenga ndili pamaloboti, pa njinga. Ndinayamba kulira, loboti n'kusintha, wakumbuyo akuliza belu. Ndinadina chimene chinali pafupi. Ndinati ndiyankha bwino madzulo." Anapotokola chingwe pachala. "Madzulo ndinayesa. Zonse zinkaoneka zachibwana pafupi ndi zako. Iwe umalemba bwino, ukudziwa? Zimaopsa. Ndiye mawa, mawa, kenako manyazi."

Ine miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti ndinalemba zambiri zotopetsa.

Ndinkafuna kunena liwu lija linakana kutuluka kwa ng'ombe lija, loti ndakusowa. Linali litayamba kukwera. Koma aphunzitsi awo anakuwa pakhomo kuti sitima iyi yokha isawasiyenso. Jildou anandipatsa chingwe, akuti tandigwirira ndivale. Analowetsa mkono umodzi m'jekete, wina ukulendewera, mnyamata wina anamukoka chikwama, n'kuthamanga. Atafika pachitseko anatembenuka. Anaona chibaluni m'manja mwanga. Anachiona ndithu, ndikutsimikiza. Anaima kamphindi. N'kutuluka.

Ndiye ndi chimenechi chikugunda denga. Zathu zitatu zija Hidde anazijambula kaye n'kuzigawira tiana ta zipewa za nthenga pa siteshoni. Kamtsikana kena kanaloza chachikasu. Ndinati ichi n'cha eni. Ndinanena ndekha, kwa munthu wosamudziwa. Ilias akuti zayamba kuopsa.

Tangodutsa Zwolle. Magetsi a mzinda akuyandama pagalasi pamodzi ndi nkhope yanga ndi chikasu pamwamba pake. Penapake m'magetsi amenewo muli windo lake, sindikudziwa liti.

Foni yanjenjemera.

Jildou walemba: chili kwa iwe kachiwiri, oweruza ndiwauze? Ina yatsatira: mawa chikhala chikadali ndi mpweya, Lolemba ayi.

Hidde wasuzumira, akuti mutumizire chala, chilungamo chichitike. Ndaseka mpaka bambo wa mpando wakutsogolo watembenuka. Ndalemba yaitali, ndafufuta. Ndalemba ina, ndafufuta. Ndatumiza mawu awiri: ndibwera nacho.

Wayankha msanga. Si chala. Akuti andidikira pansi pa wotchi yaikulu ya pa siteshoni.

Lamlungu, 17 Novembala

Chibaluni chatsika. Dzulo chinali kudenga, m'mawa uno ndadzuka chili pafupi ndi shelefu ya mabuku, chikundiyang'ana. Chayamba timakwinya kumunsi. Jildou ananena zoona, sichifika Lolemba.

Nkhungu yabweranso. Pawindo thabwa lija likuoneka theka, mbali ina yalowa m'zoyera.

Amayi sanafunse zambiri. Andikulungira keke ya maapozi, akuti moni uja sindinapereke, ndiye lero ndipereke awiri. Sindinakwerepo sitima ndekha. Ndikasochera ndifunsa munthu. Ndalemba chiganizo chimenechi n'kuchiyang'ana kanthawi, chikuoneka ngati cha munthu wina, koma dzanja ndi langa.

Lija linakana lija ndaliyesa kamodzi pagalasi. Latuluka. Laling'ono, koma latuluka.

Adadi aliza hutala panja kachiwiri, akuti ng'ombe sizidikira zibaluni. Chingwe ndamanga pamkono kuti chisandithawe pa siteshoni. Ndikusiya pano, iwe buku, lero sukwera nawo. Ndiyenera kupita mpweya usanathe.